Botolo la Yisiti M'jekete la a Tcheyamani

Anzanga, inu mumandiona lero ndikuyenda ndi choko m'manja, ana akundigwadira kuti "aphunzitsi a Kemisitile," mukuganiza kuti ntchito imeneyi ndinaipeza mwaulemu? Ayi ndithu. Bola ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakaimva kwa anthu a ku Tsangano akakuthirirani nsinjiro zambiri.

Ine kwathu ndi kuchigwa cha Bwanje, kotentha kuja timalima mpunga. Dipuloma yanga ya uphunzitsi inali itagona m'sutikesi zaka zitatu, boma osalemba anthu ntchito, ine ndili m'matope kuwokera mpunga ngati sindinaonepo khomo la koleji. Mkazi wanga Esinati anali woyembekezera mwana wachiwiri. Ndiye nditamva kuti sekondale ina yoyendera ya kufupi ndi Tsangano ikufuna mphunzitsi wa sayansi wolipidwa ndi komiti ya makolo, ndinalemba kalata tsiku lomwelo. Anatiitana awiri, ine ndi mkulu wina wa ku Dedza. Malo anali amodzi. Aliyense aphunzitse Fomu 3 komiti ikuonerera, amene akome m'maso mwa makolo ntchito ndi yake.

A hedi, Mayi Chimphamba, anandiuza mutu wake pa foni: mmene kutentha kumasinthira liwiro limene zinthu zosakanizidwa zimasandukira zina. Ndinaseka chamumtima. Mutu umenewu ku koleji ndinkaudya ngati nthochi! Ndinafunsa ngati sukuluyo ili ndi labu, iwo anati labu ilipo koma muli matumba a simenti ndi madesiki othyoka basi. Ndinati musadandaule mayi, ine ndi mphunzitsi wogwiritsa ntchito zimene zilipo.

Pulani yanga inali yosavuta. Mabotolo atatu apulasitiki, lililonse shuga masipuni awiri, yisiti wa mandasi sipuni imodzi. Loyamba madzi ozizira, lachiwiri ofunda, lachitatu otentha. Kukamwa kwa botolo lililonse kumangirira kathumba ka fulizesi ndi labala. Yisiti akamadya shuga amatulutsa mpweya, kathumba kamafufuma n'kuimirira. Iwe ntchito yako ndi kuyeza kutentha kwa madzi, kuwerenga pa foni mphindi zimene kathumba katenge kuti kadzaze, basi n'kujambula gilafu pa bolodi, ana n'kuona ndi maso awo kuti kukatentha zinthu zimathamanga. Lamulo lalikulu ndi limodzi, ndipo m'kope langa ndinalidula mzere kawiri: kutentha kwa botolo kusasinthe pamene ukuyeza, ndipo ngati kukusintha uziwerenga mphindi iliyonse n'kumalemba, apo ayi manambala ako ndi bodza.

Ndinayeserera kunyumba, pakhonde. Madzi a pachitsime, kathumba kanadzaza pa mphindi makumi awiri. Madzi ofunda, mphindi zisanu ndi zitatu zokha kali njo! Nditati ndiyese otentha, Esinati anatulukira n'kulanda paketi ya shuga.

"Bambo a Chisomo, shuga ameneyu ndi wa phala la mwana. Sayansi yanuyo izikagula wake."

Ndinati palibe kanthu, lachitatulo ngakhale mwana angalote. Ngati ofunda achita mphindi zisanu ndi zitatu, otentha ndiye ziwiri kapena zitatu. Mukuona kudzikhulupirira kwake? Choyezera kutentha ndinabwereka kwa mnzanga wina, mlangizi wa zaumoyo, kaja koika kukhwapa kolira kuti tii tii. Sindinakayese n'komwe. Choyezera ndi choyezera basi, ndinatero.

Tsiku lake linali Lachitatu, mwezi wa Juni. Ndinavala shati yoyera ya manja aafupi, chifukwa kwathu Juni timangomumvera pa wailesi. Minibasi inanditsitsa pamphambano, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera kumtunda. Abale inu, kodi kuzizira kwa ku Tsangano munakumvako? Nkhungu ili tolo, mphepo yochokera ku Mozambiki ikulowa m'shati ngati ili ndi mlandu ndi ine. Pofika pasukulu makutu sindinkawamva, zala zitauma moti moni ndinapereka ndi dzanja lopindika.

Komiti inakhala kumbuyo kwa kalasi pa benchi. Panali a hedi, panali a tcheyamani a komiti Bambo Ngozo, mlimi wamkulu wa kachewere, munthu wathupi, wosaseka wamba, atavala chijekete chakuda chofika m'mawondo, tayi ali pakhosi. Pambali pawo Mayi Namaseko, amene amagulitsa mandasi pageti la sukulu, atafunda zitenje ziwiri. Mnzanga wa ku Dedza uja ndiye anayamba. Anaphunzitsa bwino ndithu, osalakwitsa kanthu, koma ndi choko chokha, ana akuyasamula manja ali m'khwapa. Ndinamumwetulira momumvera chisoni munthuyo. Mumtima ndinati pita bwino m'bale wanga, moni kwa onse ku Dedza.

Itafika nthawi yanga ndinandandalika mabotolo patebulo ngati wogulitsa mankhwala pamsika. Ana onse anadzuka, akumbuyo kukwera pamadesiki.

"Lero," ndinatero ndi mawu a munthu amene walandira kale malipiro, "simumva sayansi ndi makutu. Muiona ndi maso."

M'manja munawombedwa. Madzi ozizira anachokera pamjigo, otentha Mayi Namaseko anakatenga ketulo yawo pambaula ya pageti, ikuwira kuti bwatabwata. Ofunda ndinasakaniza ndekha. Ndinatulutsa choyezera chija monyadira n'kuviika m'madzi a pamjigo. Tii tii. Pagalasi panangotuluka chilembo cha L. Nambala osaoneka. Ndinachigwedeza, ndinachipukuta pa shati, ndinaviikanso. L yemweyo. Ndinati mwina chazizidwa ngati mwini wake, ndiyese m'madzi otentha. Tii tii tii tii! Chilembo cha H. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera kuti kachipangizo ka kuchipatala kamadziwa kutentha kwa thupi la munthu basi, kupitirira apo kapena kutsikira apo sikayankha. Ndiye munthu wa dipuloma ungaiwale zimenezi?

Kodi ndinagonja? Ine? Ndinatembenukira ana n'kunena kuti, "Mwaona? L akutanthauza kuti ozizira, H akutanthauza kuti otentha. Lembani." Ndipo analemba, ana osalakwa.

Ndinathira madzi owira aja m'botolo lachitatu, botolo n'kukwinyika m'chiuno ngati nkhalamba, koma linaima. Ndikutapa yisiti kuti ndithiremo, ndinamva mawu kumbuyo.

"Aphunzitsi, pepanitu," anali Mayi Namaseko. "Madzi amenewo mupha nawo yisiti. Dikirani azizireko."

Ndinamwetulira kumwetulira kuja kwa munthu wophunzira akamayankha munthu wosaphunzira. Mulungu andikhululukire.

"Zikomo mayi, koma izi ndi za sayansi, si za mandasi. Kukatentha kwambiri, liwiro limakweranso kwambiri. Mungoyang'ana botolo limeneli, pa mphindi ziwiri mundiuza."

"Chabwino aphunzitsi," anatero, n'kukonza chitenje chawo. "Ife tiyang'ana."

Ndinamanga timatumba tonse titatu, ndinayatsa wotchi ya pa foni, kalasi yonse maso pa botolo lotentha. Mphindi imodzi. Ziwiri. Poyamba kathumba kanatukumuka pang'ono ndi nthunzi, ine n'kufuula kuti "Mwaona!" Kenaka kanafota, n'kugona pambali pa botolo, osadzukanso. Mphindi zisanu. Zisanu ndi ziwiri. Mphepo ikungoomba pamalata. Botolo lozizira nalo linali phee, yisiti atangokhala pansi ngati mchenga, chifukwa madzi a pamjigo wa ku Tsangano m'mwezi wa Juni si madzi a pachitsime cha ku Bwanje. Chiyembekezo changa chonse chinatsala pa botolo lapakati. Kathumba kake kanali katayamba kudzuka bwinobwino, koma nditaligwira botololo mtima unangoti myuu. Linali litazizira kale. Mawindo a kalasiyo analibe magalasi, mphepo imangodutsa patebulo, madzi anga ofunda aja akusanduka a pamjigo ndikuona. Lamulo lija ndinadula mzere kawiri linali kuphwanyika pamaso panga, ndipo choyezera choti ndiziwerengera kutsika kwake chinali chija cha L ndi H.

Ndinaponya diso kumbuyo. A hedi akulemba kanthu m'kope. A Ngozo akuyang'ana wotchi yawo. Mnzanga wa ku Dedza ataima pakhomo, manja m'thumba, akumwetulira kumwetulira komwe kuja ndinamumwetulira ine. Ndinaona mpunga wa ku Bwanje ukundikodola. Ndinaona Esinati akundifunsa kuti zayenda bwanji. Kunena zoona ndinachita mantha, thukuta linatuluka pamphumi kuzizira konse kuja.

Ndiye mukudziwa, munthu ukapanikizika nzeru zimabwera, koma sizinena kuti zachokera kwa ndani. Ndinaganiza kuti ku labu yeniyeni botolo amaliika m'beseni la madzi amene makina amawasunga pa kutentha kumodzi. Kuno makina kulibe. Koma kodi chinthu chimene kutentha kwake sikusintha, kunja kuzizire kaya kutenthe, n'chiyani? Thupi la munthu! Ndipo choyezera changa chimadziwa chimenecho basi! Ndinadziona ngati ndatulukira chinthu choti alembe m'mabuku.

Ineyo sindikanatha, shati ya manja aafupi, thupi lili njenjenje. Ndinayang'ana kalasi yonse kufuna munthu wofunda kuposa onse, maso anga n'kukagwera pa chijekete chakuda chija.

"A tcheyamani, ndipemphe thandizo lanu. Ana awa aone kuti makolo nawonso ali m'gulu la sayansi."

Bambo Ngozo anayang'ana a hedi, a hedi anayang'ana kudenga. Anadzuka pang'onopang'ono n'kubwera kutsogolo. Ndinawapempha kuti aike choyezera kukhwapa. Tii tii. Madigiri 36.8! Nambala yoyamba ya tsiku limenelo! Ndinailemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu, ana anakuwa ngati timu yawo yagoletsa, ndipo ndinaona a Ngozo akudzikoka tayi monyadira pang'ono. Ndinati basi, ntchito ndaitenga.

Pulani inali yoti botolo lapakati lija lilowe m'jekete mwawo, tsono kathumba ka fulizesi sikakanakhalamo, kakanaphwanyika. Ndinakachotsa. Ndinathiramo madzi ena a m'ketulo pang'ono kuti botolo lifundenso, ndipo pofuna kubweza nthawi imene inatayika ndinawonjezera yisiti masipuni atatu, shuga yense amene anatsala, n'kukhutchumula. Chitsekerero chake ndinali nditachisiya ku Bwanje. Mayi Namaseko anali atabweretsa ketulo yawo m'dengu momwe munali zitsononkho zoyatsira mbaula, ndiye ndinatolapo chimodzi, kuchikulunga m'kapulasitiki, kuchilowetsa kukamwa kwa botolo n'kuchikhomerera ndi dasitala kuti chisadonthetsere a tcheyamani. Ndimafuna kuteteza zovala zawo, mukumva? Mphunzitsi wa Kemisitile, wodziwa bwino lomwe kuti mpweya umafuna potulukira, ndinakhomerera katatu.

"Mulisunge mkati, bambo, cha kukhwapa, mumange mabatani. Mphindi zisanu zokha, kenaka tilitulutsa, tibwezerapo kathumba, tiwerenge liwiro pa madigiri 36.8 osasintha."

Anabwerera pa benchi atafungatira botolo langa ngati khanda. Mayi Namaseko anasuntha pang'ono kuwatalikira. Ndinaona, koma sindinafunse chifukwa chake.

Podikira mphindi zisanuzo ndinati ndifotokoze za gilafu. Anzanga, vuto langa ndi limeneli, ndikagwira choko ndimaiwala dziko. Ndinajambula mizere iwiri, uku kutentha uku liwiro. Ndinafotokoza kuti tizidutswa ta zinthu tikatenthedwa timathamanga, timagundana kawirikawiri ndiponso mwamphamvu, ngati anthu pa tsiku la msika. Ndinafotokoza kuti liwiro timalipeza pogawa kuchuluka kwa mpweya ndi nthawi. Ndinafotokozanso zoti ngati kutentha kukutsika uku ukuyeza, sutenga nambala imodzi ayi, umadula nthawi m'zidutswa, chidutswa chilichonse ndi kutentha kwake ndi liwiro lake. Ana akugwedeza mitu, ena akufunsa mafunso anzeru, ine ndikuuluka. Mphindi zisanu zinakhala khumi, khumi zinakhala makumi awiri.

Ndinaona dzanja litakwezedwa kumbuyo. A Ngozo.

"Aphunzitsi, botolo lanuli likulimbatu."

"Ndi mmene liyenera kukhalira, bambo. Mafunso onse kumapeto."

Ndinawauza a tcheyamani a komiti, munthu amene ntchito yanga inali m'manja mwake, kuti mafunso kumapeto! Ndinatembenukira ku bolodi n'kupitiriza. Patapita kanthawi ndinamvanso, mawu atakwera pang'ono.

"Aphunzitsi, likulira."

Ndisanatembenuke n'komwe, phuuu! Chitsononkho chinatulukira pakolala ya jekete, kupala chibwano cha a tcheyamani, n'kukamenya malata kuti khoo! Atsikana akutsogolo anagwa pansi, wina anathawira pawindo. Nditayang'ana kumbuyo ndinaona Bambo Ngozo ali chikhalire, osagwedezeka, thovu lofiirira likutuluka pakhosi pa jekete, likutsika pa tayi, lina likutulukira kumkono, lina likudontha pansi pa benchi kulowa m'nsapato. Ndipo silimasiya! Amati akatsegula batani limodzi, lina limatumphuka. Kenaka fungo linadzaza kalasi yonse, fungo loti aliyense wa ku Ntcheu amalidziwa ngakhale atatseka maso: masese enieni, a tsiku lachiwiri.

Mayi Namaseko ndi amene anayamba. Anaseka mpaka kugwetsa chitenje, misozi ili mbwembwembwe, akumenya benchi. Ana anatsatira, a hedi anabisa nkhope m'kope mapewa akugwedezeka. Ine ndinathamanga ndi dasitala kukawapukuta, osaganiza kuti dasitalayo ndi wodzaza choko, ndiye jekete lakuda lija linasanduka la mawangamawanga.

Bambo Ngozo anandigwira dzanja kuti ndisiye. Analankhula motsitsa kwambiri.

"Aphunzitsi, nthawi ili bwanji?"

"Hafu leveni yadutsa, bambo."

"Thwelofu koloko ndili ndi bwalo kutchalitchi. Ine ndi mkulu wa mpingo. Lero tikuweruza akhristu awiri amene anapezeka akufulula mowa, ndipo wotsogolera mlanduwo ndine. Kwathu n'kutali, sindingakasinthe."

Ndinalakalaka simenti ya m'kalasimo itang'ambika ndilowe. Ndinapepesa m'Chichewa, ndinapepesa m'Chingerezi, ndinati ndiwabwereke shati yanga, iwo anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, munthu woonda ngati ine. Anatulutsa botolo lija, kuliika patebulo mwaulemu, n'kutuluka. Tinawaona pawindo akukwera njinga yawo, agalu awiri a pasukulu akuwatsatira.

A hedi atapezanso mpweya anafunsa kalasi kuti, "Chabwino, mwaphunzirapo chiyani?" Manja anakwera kalasi yonse. Wina anati kukazizira yisiti amachita ulesi. Wina anati kukatenthetsa amafa, chifukwa ndi chamoyo, ndiye gilafu yake siingangokwera mpaka kumwamba, iyenera kukwera kenaka n'kugwa. Wina kumbuyo anati liwiro lalikulu limapezeka pa a tcheyamani. Ine ndinafufuta mzere wanga wolakwika uja, ndinajambula wokhota, kenaka ndinachita chinthu chimodzi chokha chanzeru pa tsiku lonselo. Ndinapempha Mayi Namaseko kuti atiuze mmene amachitira.

"N'zosavuta," anatero akupukuta misozi. "Madzi ndimayesa ndi chala, akhale ngati osambitsa khanda. Beseni ndimalifunditsa bulangete n'kuliika pafupi ndi mbaula, likayamba kuzizira ndimalisendeza, likafunditsa ndimalibweza. Koma sindilitseka ndi chitsononkho, aphunzitsi. Izi ndi za mandasi chabe."

Ndinavomera. Ndinabwerera ku Bwanje ndili khuma, Esinati atandifunsa ndinangoti atiimbira. Lachinayi ndinalowa m'munda m'mawa, ndinati bola ndizolowerenso matope.

Lachisanu foni inalira. Bambo Ngozo.

"Aphunzitsi, komiti yakumana. Mdzukulu wanga chiyambire sukulu sanandiuzepo zimene waphunzira, koma kuyambira Lachitatu sakutseka pakamwa, mpaka wajambula gilafu yanu ija pakhoma la khitchini. Ntchito ndi yanu."

Ndinagwada m'matope momwemo, foni ili kukhutu.

"Musathokoze msanga," anapitiriza. "Pali mawu amodzi. Lachitatu lija nditangolowa m'bwalo, akulu anzanga anayamba kununkhiza. Ndinati ndi sayansi, palibe anandikhulupirira. Mlandu wa anthu aja anauimitsa, anatsegula wanga. Ndiye Lamulungu lino mubwere kutchalitchi kwathu ndi mabotolo anu, mudzaufotokozere mpingo wonse chimene chinachitika. Mukapanda kubwera, ine udindo wanga watha, inunso ntchito yanu yatha."

Ndiye phunziro langa loyamba monga mphunzitsi wolembedwa ntchito silinachitikire m'kalasi ayi. Linachitikira kutsogolo kwa guwa, zolengeza zitangotha, anthu odzaza mpaka panja chifukwa mbiri inali itafika kale tsidya la malire. Ulendo uno ndinavala juzi ziwiri, botolo ndinaliika m'beseni la madzi ofunda, Mayi Namaseko ataima pambali ndi ketulo, akuyesa ndi chala n'kumathirira. Kathumba kanadzaza pa mphindi zisanu ndi zinayi, kanaima njo, amayi a chigwirizano n'kuyimba nthungululu. Abusa ananunkhiza botolo, ananunkhiza jekete limene a Ngozo anabweretsa ngati umboni osalichapa, n'kulengeza kuti mkulu wa mpingo alibe mlandu. A Ngozo anandigwira chanza mpaka zala kulira.

Ndikutuluka panja, mtima uli m'malo, ndinamva wina akundikoka juzi. Bambo ndi mayi ena achikulire, ovala bwino, aulemu wawo. Anali anthu awiri aja a mlandu wa mowa. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, anatulutsa kapepala ndi bolopeni, n'kundinong'oneza.

"Aphunzitsi, phunziro labwino kwambiri, ife tapindula. Kungoti tinakhala kumbuyo sitinamvetse bwino. Mwati kuti zifulumire pamafunika madigiri angati?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: chilichonse chotulutsa thovu ndimayesera panja, pabwalo la mpira, ndekha, mtunda wautali kuchokera kwa munthu aliyense wovala tayi. Ndipo mayi wogulitsa mandasi akakweza dzanja m'kalasi mwanga, ndimaika choko pansi n'kukhala pa desiki.